Mpando wa Chitseko

Enoch Raistrick anabwerera ku Skelderby ali ndi chipewa chachitali, ndodo ya mutu wasiliva, ndi mkwiyo umene anausunga bwino ngati nyama yothira mchere. Mudzi wonse unkamukumbukira. Anali mwana wamasiye uja ankaweta nkhosa za a Garforth kumapiri, amene tsiku lina anasamba, nakagogoda khomo lakumaso la nyumba yaikulu ya Blackscar kuti apemphe kukwatira Lettice, mwana wa abwana ake. A Garforth sanakalipe. Anangoitana wantchito kuti amulozere mnyamatayo khomo lakukhitchini, poti mwina wasokera.

Enoch anachokadi, mpaka kumafakitale a ubweya ku Bradford. Iye akulemera kumeneko, a Garforth ankasauka kuno chifukwa cha mahatchi a mpikisano. Blackscar itagulitsidwa, anaigula ndi Enoch, ndipo nkhalambayo ndi mwana wake anasamukira m'kanyumba ka kuseri kwa chigayo.

Nyumbayo sinamusangalatse kwenikweni. Inali ya mphepo yolira m'machumuni, mileme m'denga, ndi zithunzi za makolo a eni ake zomuyang'ana ngati wabwera kudzakonza mpope. Chimene iye ankafuna chinali kutchalitchi. Kumeneko aliyense ankakhala molingana ndi kubadwa kwake: alimi pakati, antchito ndi amphawi pamabenchi akumbuyo pafupi ndi khomo, pomwe pamalowera chisanu. Kutsogolo, pansi pa guwa lolalikirira, panali mpando wa eni Blackscar, wotchingidwa ndi matabwa aatali mbali zonse, wokhala ndi chitseko chake, mitsamiro yofiira ndi kamoto kake pakona. Wogula nyumba ankagulanso mpandowo.

Lamulungu loyamba Enoch anafika mochedwerako dala. Anaona a Garforth atakhala pabenchi yomaliza, mawondo ali m'mwamba, ndi Lettice pambali pawo atavala chipewa chakale cha riboni yobiriwira. Anawadutsa osapereka moni. Mayi Clough, amene ntchito yawo inali yotsegulira anthu olemekezeka mipando, anamutsegulira chitseko nachitsekanso.

Enoch anakhala pansi kudikira kuti kubwezera kuyambe kukoma.

Kumanja anaona thabwa. Kumanzere thabwa. Atakweza maso anaona mphuno za abusa cham'munsi. Ataimirira kuti aimbe, mpingo wonse unali kumbuyo kwake, ndipo munthu wolemekezeka sacheuka m'tchalitchi. Apa m'pamene anakumbukira kuti zaka zonse za ubusa wake, chimene chinkamutsitsa kumapiri Lamulungu lililonse sichinali ulaliki. Pa nyimbo iliyonse Lettice ankaimirira, ndipo pamwamba pa matabwa omwewa pankatulukira chipewa chake ndi khosi lake. Ali mmphawi ankamuona kwaulere. Lero anali atagula malo okhawo m'tchalitchi monse pomwe sangamuone.

Anapirira choncho dzinja lonse, poti munthu sangavomere msanga kuti wagula khola.

Tsiku lina mapemphero atatha, Mayi Clough anachedwa kumutsegulira. Anatsamira pachitsekopo n'kumuyang'ana ngati mwana wankhosa wogwera m'dzenje.

"Kukukoma m'menemo, Enoch?"

"Ndine a Raistrick tsopano, mayi."

"Eya, a Raistrick amene ndinkawachotsa nsabwe. Ndati kukukoma?"

"Kwambiri. Nkhalamba ija ikumva bwanji kumbuyoko?"

"Ikuvutika, usadandaule. Moyo wake wonse inkagona m'bokosi lakoli, anthu n'kumati ikusinkhasinkha Mawu. Pano ikangoti siii, mudzi wonse ukuona. Sabata yatha inagwera pamiyendo pa mkazi wa wosula zitsulo. Koma ipuma posachedwa, chifukwa womaitsina kuti idzuke akuchoka."

"Akupita kuti?"

"Adona aang'ono, a Lettice, apeza ntchito yophunzitsa ana a anthu olemera, kum'mwera kwenikweni. Lamulungu likubwerali ndi lomaliza. Nanga adye ulemu?" Anatsegula chitseko. "Tuluka, bwana. Ndikufuna kusesa."

Sabata imeneyo Enoch anayendayenda m'zidikha za kumapiri, mphepo ikumukwapula, nkhope ili gwaa, monga amachitira amuna osweka mtima. Nkhosa zinangomuyang'ana n'kupitiriza kudya. Anaganiza zopita kukanyumba kaja, koma mwendo unkakana. Anali atagogodapo kale khomo la a Garforth.

Lamulungu linafika. Nyimbo yoyamba anaimba atayang'ana kutsogolo. Yachiwiri khosi linayamba kuuma chifukwa chodziletsa kucheuka. Abusa atatsegula buku kuti ayambe kulalikira, Enoch anazindikira kuti kwatsala nyimbo imodzi yokha, kenaka chipewa cha riboni yobiriwira chija chikwera ngolo. Anatulutsa dzanja kunja, nadzitsegulira yekha chitseko, chinthu chimene mwini Blackscar aliyense anali asanachitepo.

Nsapato zake zatsopano zinalira njira yonse mpaka kumbuyo. Abusa anaima pakati pa vesi. Enoch anaima pamaso pa nkhalamba ija.

"Bwana, mwasokera," anatero. "Khomo lanu ndi ilo kutsogoloko."

A Garforth anafiira mpaka m'makutu. "Iwe mnyamata, ukuyesa ine ndingalandire chifundo cha mbusa wa nkhosa zanga?"

"Ayi, bwana."

"Ndife a Garforth ife. Sitipemphetsa." Anasisita msana. "Moto wayatsidwa m'menemo?"

"Ukuyaka bwino."

"Mitsamiro sunasinthe?"

"Ndi yomwe ija."

Nkhalambayo inatola ndodo yake niyenda kupita kutsogolo mwaulemerero wonse, ngati ikuchitira mpingo chifundo. Mayi Clough anaitsekera. Enoch anakhala pamalo pake akale, pomwe panali pozizira monga kale, ndipo abusa anapitiriza.

Lettice sanamuyang'ane. Anayankhula chapansipansi, maso ali pabuku la nyimbo.

"Makutu anu amagwedera mukamaimba, a Raistrick. Ndakhala ndikuwaonerera dzinja lonse."

"Ndiye mwasangalala."

"Kwambiri. Kuno n'kwabwino, munthu amaona zonse. Inu munkadyerera maso zaka zonse zija, ine ndikuyang'ana thabwa, khosi likundiyabwa chifukwa cha maso anu."

"Munkadziwa?"

"Tchalitchi chonse chinkadziwa. Tsiku lija ndinathamangira kukhomo lakukhitchini, koma inu munali mutafika kale kuphiri ndi mkwiyo wanu."

Enoch anali atakonza mawu ambiri ku Bradford, onse aukali, ndipo panalibe limodzi logwira ntchito pano.

"Musapite kum'mwera," anatero.

"Ssh. Tili m'pemphero."

"Adona, chonde."

"Zoterezi safunsira pabenchi. Mubwere kunyumba masana ano mudzagogode." Anatembenuza tsamba. "Musaope kusokera. Kanyumba kathu kali ndi khomo limodzi lokha."

Kutsogolo, kuseri kwa matabwa aatali aja, kunayamba kumveka mkonono wodekha, wa munthu amene wabwerera kwawo. Abusa anakweza mawu pang'ono, monga ankachitira kale.