Chingwe cha Natsai

"Chingwecho ndigwira ndine," ndinatero.

"Iwe? Ndi timanja tako tonga miyendo ya nkhukuto?" anayankha Pardon, mchimwene wake wa Natsai, uku akumanga lamba m'chiuno. "Mlongo wanga sangagwe lero chifukwa cha munthu woyenda akuwerenga mitambo."

"Sisi Ratidzo anena kuti aliyense asankhe yekha womugwirira."

"Ndiye mufunse mwini wakeyo, mfana. Ukundifunsa ine ndine wokwera?"

Tinali patsinde pa chimwala chachikulu kupitirira Dema, achinyamata a kutchalitchi kwathu ku Zengeza, titabwera pa kombi, minibasi yahayala. Sisi Ratidzo, amene ntchito yawo n'kuphunzitsa anthu kukwera miyala, anali atapachika kale zingwe ziwiri moyandikana kuchokera pamwamba. Anatifotokozera kuti wina akamakwera, mnzake amagwira mbali ina ya chingwe n'kumachikoka pang'onopang'ono kudzera m'kachitsulo ka palamba wake, kuti wokwerayo akaterereka angolendewera, asafike pansi. Ananena zambiri, koma ine ndinangomvapo chimodzi: moyo wa Natsai m'manja mwanga.

Zonse ndinali nditaziona kale m'mutu. Iye aterereka, ine ndigwira zolimba, atsika akunjenjemera, andiyang'ana, ndipo mawu amene akhala atanditsamwa pakhosi chimalizire mayeso a Fomu 6 atuluka okha. Nthawi inali itandithera. Sabata yotsatira Natsai amapita ku Bulawayo kwa azakhali ake kukaphunzira zaunamwino. Ndipo ku Zengeza sungamupeze yekha. Akapita ku Town Centre, Pardon ali pambuyo. Akapita kukwaya, Pardon wakhala pakhoma panja, munthu wosadziwa ngakhale nyimbo imodzi.

"Natsai," ndinamuitana, mawu akutuluka aang'ono kuposa mmene ndinawakonzera, "akugwirire ndani?"

Anandiyang'ana, n'kuyang'ana zingwe zija, n'kuyang'ananso mchimwene wake.

"Bhudhi ndivo vachabata," anatero m'Chishona, monga amayankhira masiku onse. Agwire ndi achimwene. Basi.

Pardon anaseka mpaka kudzimenya pantchafu.

"Iwe Nigel ukwere pa chingwe chinacho," Natsai anawonjezera, m'Chishona momwemo. "Jasper akugwirira." Ndipo podutsa anandiponda phazi. Osati pang'ono. Kuponda kwenikweni.

Apa mutu wanga unaima. Mtsikana yemweyu m'mawa mu kombi anandisungira malo pambali pake, mpaka Pardon anadzadzipanikiza pakati pathu. Yemweyu anandipatsira chimanga chokazinga kumbuyo kwa msana wa mchimwene wake. Tsopano wandikana pamaso pa gulu lonse, kenako wandiponda. Kodi kuponda ndi chikondi? Ndi mnyozo? Kapena sanaone phazi langa? Phazi la saizi naini?

"Ine sindikwera," ndinalengeza. "Mutu ukundipweteka."

Natsai anatembenuka msangamsanga, maso ali psu. "Benzi," anatero chapansipansi. Chitsiru. Wandikana yekha, ndipo ndikakana ine wakwiyanso yekha. Nanga munthu atani?

"Mutu wakowo ukapolera kumwamba," anatero Jasper, mnzanga wa kusukulu, wonenepa moti mu kombi anamukhazika pa mpando wakutsogolo yekha. Anandikoka ndi lamba ngati mbuzi. "Usaope, shamwari. Ukagwa, ine sindinyamuka. Ngakhale kireni siingandinyamule."

Sisi Ratidzo anatimanga mfundo, n'kuzikoka kuti aone ngati zalimba, n'kutiveka zipewa zolimba. Kenako anaima patsogolo pa Pardon ndi Jasper.

"Inu ogwira zingwe, mvetserani. Manja onse awiri pachingwe. Maso m'mwamba. Pamene mwaimapo osachokapo mpaka mnzanu atatsika, ngakhale njuchi ikulumeni. Zvanzwikwa?"

"Zamveka, sisi," anatero Pardon, chifuwa chili patsogolo ngati wapatsidwa udindo wa boma.

Ndinayamba kukwera ndi mkwiyo. Ndinati ndifike pamwamba Natsai asanafike, nditsike iye asanatsike, ndikakhale mu kombi ndekha ndikuyang'ana pawindo, aone mmene munthu wosweka mtima amaonekera. Koma mwala sumva za mtima. Unali wotentha, wokhakhala, ndipo pogwira pake panali timalo ting'onoting'ono ngati mabatani a shati. Sisi Ratidzo anakuwa kuti ndidalire miyendo, ndisathamange. Ine ndinathamanga.

Sindinafike ngakhale pakati. Phazi lamanja linachoka, lamanzere linatsatira, ndipo ndinapezeka ndikuzungulira m'malere ngati thumba la malalanje. Thambo, mwala, mitengo, thambo. Bondo linamenya mwala. Pansi anthu anakuwa, ena anaseka.

"Ndakugwira, m'bale wanga!" anafuula Jasper. "Ndiwe wopepuka ngati buledi wa masiku ano!"

Kuzungulira kutatha ndinaona Natsai ali chapamwamba pang'ono kumanja kwanga, ataima. Sanali kuvutika. Mapazi ake anali pabwino, dzanja lili pabwino, koma sankasuntha.

"Natsai, dzanja kumanzere!" Pardon ankakuwa. "Pali pogwira apo! Ukudikira chiyani?"

"Ndaneta, bhudhi!" anayankha. Akuti watopa. Munthu wosatuluka ngakhale thukuta.

Ndinaganiza kuti waima kuti andiseke bwino. Koma sankaseka. Ndikakwera pang'ono, nayenso amakwera pang'ono. Ndikaima kupuma, nayenso watopa. Kamodzi analoza ndi chibwano pamng'alu pamene ndinayenera kuika phazi, kenako n'kuyang'ana kumbali ngati si iye. Ndinasiya kuganiza. Maganizo ankandilemera kuposa thupi.

Pafupi ndi pamwamba pali kakhonde ka mwala, kokwana anthu awiri ngati apanikizana. Sisi Ratidzo anali atanena kuti wofika pamenepo atha kupuma asanatsike. Ndinafikapo chokwawa, magazi akutsika pabondo. Natsai anafika nthawi yomweyo n'kukhala pambali panga, phewa lake likukhudza langa.

Mphepo inali yamphamvu. Kutali, m'chifunga cha fumbi, malata a Chitungwiza ankanyezimira onse pamodzi, moti sukanasiyanitsa Zengeza ndi Unit C. Tsiku lina ndikanalemba ndakatulo. Tsiku limenelo ndinali ndi mlandu.

"Unandikaniranji?" ndinafunsa. "Pamaso pa anthu onse. Ukuona ngati sindikanakugwira? Chabwino, ndine wowonda, koma sisi ananena kuti kachitsulo kaja kamathandiza. Ndiye kundiponda kuja? Ndiye benzi? Ine sindikukumvetsa, Natsai. M'mawa chimanga, masana benzi. Ndiuze chimodzi ndidziwe."

Anangondigwira chipewa n'kunditembenuzira mutu pansi.

Pardon anali uko, wamng'ono ngati chitsekerero cha botolo. Manja onse awiri pachingwe. Khosi litapindikira m'mwamba. Pakamwa pake pankatseguka n'kutsekeka, koma mphepo inkatenga mawu onse kupita nawo ku Dema. Anayesa kusuntha phazi, ndipo ndinaona Sisi Ratidzo akumuloza chala. Anabwerera pamalo pake.

"Eya, ndamuona," ndinatero. "Ndiye?"

Natsai anatseka maso ngati munthu amene akupempherera kuleza mtima. Atawatsegula analankhula Chichewa, chimene ine ndinali ndisanamumvepo akulankhula kupatula poyankha amayi ake. Chinkatuluka pang'onopang'ono, chopindika apa ndi apo.

"Nigel, unakhoza bwanji Fomu 6? Wogwira chingwe amatsala pansi. Ukanagwira iwe, bwenzi pano ndili ndi ndani?"

Ndinatsegula pakamwa. Chingwe chake chinagwedezeka. Pardon ankakoka.

"Ndimafuna achimwene akhale uko, manja ali otangwanika, iwe ukhale pano," anatero, akugwira mwala kuti asakokedwe. "Ndatopa kudikira kuti ulankhule. Ndikufuna tsiku lopita ku Bulawayo chikwama changa unyamule ndiwe, undikweze basi ndiwe, ndipo zimene wakhala ukumeza chaka chonsechi uzinene pano, asanandikokere pansi."