Timipira Togwera Pakati

Tsiku langa limayamba ndi mpunga womata umene ndimauviika madzulo. Ukakhala pa nthunzi ndimachapa malaya a Dam, awiri patsiku chifukwa munthu ameneyu amatuluka thukuta ngati ndowa yobooka. Kenako ndimusambitse Fai, mwana wathu wa zaka zitatu, ndikamusiye kwa agogo ake, ndithamange kumsika kukagula mapapaya aawisi, tsabola ndi nkhanu zamchere. Pofika teni koloko ndimakhala nditaimika kangolo kanga pakhomo pa holo ya kalabu, mtondo uli kale pa ntchito yosinja mapapaya ogulitsa. Pali ntchito ina imene palibe amandilipira, yofukiza timipira ta nthenga pa mphika wowira kuti nthenga zisathothoke msanga. Sukulu ndinasiyira chaka chachitatu cha sekondale, koma za nthenga musandiuze.

Dam ndi mwamuna wanga. Amasewera badimintoni ya awiriawiri m'kalabu ya a Chalerm kuno ku Udon Thani, ndipo amalandira kangachepe mwezi ukatha. Wosewera naye chaka chatha anali Nueng, wa zaka 19, amene Dam yemweyo anamuphunzitsa kugwira raketi mamina akadali m'mphuno. Dam ali ndi zaka 29 ndi bondo lakumanja limene limalira akamakwera masitepe. Ukamufunsa amati olira ndi masitepewo.

Chaka chatha anagonja mipikisano itatu motsatizana, yonse m'ndime yoyamba. A Chalerm si munthu wokalipa. Anamuitana Dam, namuthirira tiyi wozizira, namuuza akumwetulira kuti ngati ku mpikisano wa ku Khon Kaen safika m'ndime ya matimu anayi, ndiye kuti basi. Mkulu wake wa Dam anali atamupezera kale malo ku fakitale ya matayala ku Rayong, ulendo wa tsiku lathunthu pa basi, kubwera kunyumba kawiri pachaka. Ine sindinakwatiwe ndi foni. Ndinamuuza zimenezo, iye n'kuseka, koma chakudya chamadzulo sanamalize.

M'mawa mwake anapita ku kachisi wa mzinda ndi zofukiza ndi nkhata ya maluwa. Anabwerako nkhope ili yowala, akuti wapeza vuto: atapambana zaka ziwiri zapitazo anaiwala kukathokoza. Tsopano anali atalonjeza mazira owiritsa zana limodzi ngati adutse. Ndinamufunsa kuti wowiritsa ndi ndani. Anati zimenezo sanakambirane nawo eni kachisi.

Ine sindikangana ndi mizimu, imadya zake ine zanga. Koma kangolo kanga kamayang'ana khomo la holo, ndipo munthu wosinja papaya manja amagwira okha, maso ali pa ufulu. Ndinawaonerera Dam ndi Nueng masabata awiri. Kampira kakapita kumanzere, Nueng ankakabweza ngati mphenzi. Kakapita kumanja, Dam ankakabweza mwaulemu wake. Koma kakabwera pakati pawo, awiriwo ankayang'anana ngati alendo amene apatsidwa nsomba imodzi, kampira n'kugwa pansi osakhudzidwa. Tsiku lina ndinawerenga kasanu ndi kawiri m'gemu imodzi.

Nueng atabwera kudzadya ndinamuthirira tsabola wambiri kuti asathawe msanga, ndiye ndinamufunsa.

"Iwe Nueng, manja ako amatha pakati pa bwalo?"

"Ayi achemwali."

"Nanga bwanji ukusiya timipira tija?"

Anaika supuni pansi, misozi ya tsabola ili mbwee. Anati iye sangalumphire patsogolo pa munthu amene anamuphunzitsa, anthu akuona, ngati akuti achimwene akalamba. Chiyambire, zapakati ndi za achimwene. Akamuuza okha kuti tenga, atenga. Ndinamuuza kuti ulemu umenewo ukanditumizira mwamuna ku Rayong. Anaika manja pamodzi n'kupepesa, nandipempha madzi.

Ndinapita kwa mwini bondo. Ndinamupeza akulimanga bandeji kuseri kwa chitseko ngati wakuba. Ndinati bambo a Fai, muuzeni mwana uja azitenga zapakati. Anati zapakati amazifikira, kungoti masiku ano timipira akutipanga topepuka. Ndinati timipira ndimafukiza ndine, n'tomwe tija. Anati magetsi a m'holo amamuthobwa. Ndinaona kuti kumuuza Nueng kuti "tenga" kunali ngati kulengeza pamsika kuti bondo latha, ndipo Dam akanalola kukapanga matayala zaka khumi kusiyana n'kunena mawu amodzi amenewo.

Ndiye Loweruka la mpikisano ndinatseka kangolo, ndinamubereka Fai, tinakwera basi. Dam anadabwa kundiona chifukwa sindinatsekepo malonda chifukwa cha masewera. Ndinamuuza kuti ndabwera kudzaona ngati ndigule mazira kapena sutikesi.

Masewera awiri oyamba anapambana, chifukwa anakumana ndi ana asukulu amene ankamenyera kulikonse kumene raketi yaloza. Achitatu, ofunikawo, anali olimbana ndi abale awiri a ku Korat, anthu aafupi, ometa mpala, odziwa nkhani. Anayamba n'kuyesa pakati kamodzi. Kampira kanagwa. Anayang'anana n'kumwetulira, ndipo kuyambira pamenepo chilichonse chinkapita pakati. Gemu yoyamba anaitenga a ku Korat, 21 kwa 12. Mayi wina amene anakhala pafupi nane, akudya mbewu za mpendadzuwa, anandifunsa ngati awiri aja anayambana. Ndinati ayi, amakondana kwambiri, vuto ndi lomwelo.

Gemu yachiwiri itafika 6 kwa 2, iwo akutsogolanso, ndinamukhazika Fai pa benchi. Wa ku Korat anakweza dzanja, kampira kakubwera pakati penipeni, ndipo ndinamva pakamwa panga patatseguka.

"Kako ako, Nueng!"

Mawu anga ndi ogulitsira papaya pamsewu wa njinga zamoto. Holo yonse inamva, ngakhale a m'mabwalo enawo anacheuka. Nueng analumpha asanaganize, nakakhomera pansi mbali inayo. Atatera anacheukira kwa Dam nawerama kupepesa, ngati wamupondera phazi.

Ndinachitanso kachiwiri, ndi kachitatu. Ulendo uliwonse Nueng ankamenya n'kupepesa, kumenya n'kupepesa. Abale a ku Korat anakadandaula kwa woimbira, bambo wa magalasi wokhala pampando wautali. Iye analengeza kuti owonerera asamalangize osewera kampira kali m'malere. Ndinakhala chete mapointi awiri, onse anagwera pakati. Pa pointi yachitatu ndinalephera kupirira. Kenako kunabwera mtsikana wovala baji, nandipempha mwaulemu wonse kuti ndikapume mphepo panja.

"Mwanayu akufuna mphepo eti, achemwali?"

"Mwanayu ali bwino. Ndi atate ake amene akufuna thandizo."

"Ndamva, koma tiyeni."

Ndinatuluka Fai ali m'manja, akubayibitsa anthu ngati wapambana ndi iye. Panja ndinakhala pafupi ndi bambo wogulitsa soseji zowotcha, ndipo poti ndinalibe chochita ndinamuuza kuti makala ake akuwononga, aziwunjika mbali imodzi. Zam'kati ndinkangozimva ndi makutu. Nsapato kulira, phokoso la anthu, chete, phokoso lina. Sindinadziwe kuti akusangalalira ndani. Ndinayamba kuganiza za Rayong, kuti malaya ake adzamuchapira ndani, kuti Fai adzayamba sukulu atate ake ali pa foni. Ndinagula soseji ziwiri zimene sindinazifune.

Patapita nthawi yaitali anatulukira Nueng, thaulo lili m'khosi, akupuma ngati njati yolima. Anati apambana gemu yachiwiri 21 kwa 19, yachitatu 21 kwa 15. Ndinamufunsa kuti ankamukuwira ndani ine nditatuluka. Anayang'ana kumbuyo kaye. Akuti nditangotuluka, kampira kanagweranso pakati, ndipo achimwene anamuitana, natchinga pakamwa ndi raketi, n'kunena kuti: "Ukakasiyanso kamodzi, mkazi uja alowera pawindo. Zapakati ndi zako. Bondo langa silikufika."

Dam anatuluka pambuyo pake akutsimphina poyera, bandeji ili pamtunda. Sanandiyang'ane. Anamunyamula Fai, nadya soseji yanga imodzi, ndipo anati mizimu ya ku Udon ndi yamphamvu, waona? Ndinati ndaona.

Mawa lake m'ndime ya matimu anayi anagonja bwinobwino kwa anyamata a ku Chiang Mai, palibe wodandaula. A Chalerm anasunga mawu awo, Dam anasainira chaka china. Koma m'holo muja munali bambo wina wa kalabu yaikulu ya ku Bangkok, amene anabwera kudzaona anthu ena, n'kuona Nueng akuuluka bwalo lonse ngati walumidwa ndi mavu. Patatha milungu itatu Nueng anabwera kunyumba ndi dengu la zipatso, nagwada pamaso pa Dam kupempha chilolezo choti apite. Analira. Dam anamuuza kuti adzuke, akunyowetsa mkeka, ndipo akakafika kumeneko asakapepese munthu aliyense pabwalo. Pano Dam akusewera ndi mnzake wa zaka 31 amene naye ali ndi phewa lake lovuta, ndipo masana amaphunzitsa ana. Amagona kunyumba.

Basi kupita ndi kubwera inandidyera ndalama za kuno baht 240. Chipinda chogona usiku umodzi, 350. Malonda a masiku awiri amene ndinatseka, pafupifupi 1,600. Soseji, 40. Mazira zana limodzi, 420, osawerengera gasi, ndipo anayi anasweka mumphika ndinachita kukagula ena chifukwa Dam anati mizimu imawerenga. Dokotala wa bondo, amene Dam tsopano wavomera kukamuona, 500 ulendo uliwonse, ndipo tapitako katatu. Nueng anapita, ameneyo sindidziwa mtengo wake. Ku holo ya ku Khon Kaen anandiuza kuti chaka chino ndikabwera ndizikhala mzere wakumbuyo.