Masaya Anga Awiri na Chipumi

Kutatsala masabata awiri kuti ichitike kichenipati ya ba Linda, akulu anga, nkhope yawo inayamba kusupuka monga mbatata yophika. Mlandu unali wa kilimu yoyeretsa khungu imene anagula pamsewu m'tauni. Masiku aja vinthu vakunja vinangodzala paliponse, aliyense afuna kuyera. Onjezaniponi mphepo ya mu Juni na fumbi la mu komboni yathu ya Chawama, masaya onse ming'alu yokhayokha.

Manje pa kichenipati mkwatibwi amalowa atamufunda chitenge, ndiye amamuvundukula pamaso pa apongozi. Apongozi awo, ba Chilekwa a ku Matero, anali asanawaonepo pafupi. Ba Linda kulira tsiku lonse.

Ba Maggie a pa saluni anabweretsa kilimu yapinki ya ku Joni, yonunkhira monga switi. Ba Virginia, aneba athu osesa ku kemisiti, anabweretsa yoyera ya m'kachitini, yopanda na fungo lomwe. Amayi ati gilisalini wosakaniza na madzi basi.

Ba Linda anaopa kuyesa pankhope yawo. Anandiyang'ana.

"Elina, bwera kuno. Nkhope yako ilibe pulogalamu."

Anayamba kundipaka: yapinki tsaya lakumanzere, yoyera lakumanja, gilisalini pachipumi, m'mawa na madzulo.

"Ukauza munthu ndikufinya."

Ine sindinauze munthu. Ndinauza chabe mnzanga Kumbu kupompi.

Pofika Lachitatu azimayi kupompi anali kusiya vidunga va madzi vikusefukira, kundigwira chibwano, kunditembenuzira kudzuwa.

"Kwapinki kwawala, mwandi!"

"Kuwala kwa chani? Ni kutupa uko!"

Kunali kutupadi. Lachisanu tsaya lakumanzere linatuluka tiziphuphu toyabwa. Ba Maggie ati ndadya nshawa zambiri.

"Ba Maggie, nshawa zinapita tsaya limodzi?"

Chipumi chinafewa, koma chinali kukola fumbi lonse la mu komboni, mpaka Kumbu analembapo dzina lake na chala. Tsaya lakumanja linalibe nkhani: losayabwa, losawala, lofewa chabe. Ba Linda anatenga kachitini kaja, nasiya kukwecha nkhope na sopo wochapira. Kuyera sanayere, koma ming'alu inatseka.

Loweruka la sabata yotsatira ng'oma zinalira, chitenge chinavundukulidwa. Ba Chilekwa anawerama, kuyang'anitsitsa uku na uku. Ine ndinakabisala kumbuyo kwa mapoto.

"Mwana wosalala uyu," anatero mokweza. "Iyi ni ija ya tsaya lakumanja, eti?"

Azimayi onse kugwa nako kuseka. Nkhani inafika ku Matero, minibasi ziwiri kuchoka kwathu!

Mkwatibwi saloledwa kuseka, kukamba kapena kudzutsa mutu mpaka pati ithe. Koma diso limodzi la ba Linda linandipeza kumbuyo kwa mapoto. Ndinadya nkhuku yanga msangamsanga, ndinakagona kwa Kumbu masiku awiri.