Zimene Yakub Anameza

Ine ndimagulitsa zam'kati za mbuzi ku Hillbrow, ndiye za m'mimba munthu asandinamize. Chifu ndimaching'amba tsiku lililonse. Madzi ake owawasa aja amasungunula chakudya mpaka chisanduke phala, kenako chimatsikira m'matumbo, thupi n'kuyamwa.

Lachitatu m'mawa mwana wanga Yakub anakana tiyi. Anangokhala pampando chowongoka, chikwama chili pamiyendo.

"Ramadani inatha kale. Ukusala chiyani?"

"Mwayambatu, amayi. Ndili pa ulendo wa ku Durban basi."

Nditamupanikiza, anaulula. Anthu ena a ku Doornfontein anamumezetsa timapaketi makumi atatu ta mankhwala ozunguza bongo kuti akatule ku Durban. Akuti asadye kanthu, mimba igone.

"Mimba sigona, chitsiru iwe! Ikugaya panopa. Kamodzi kakangobooka, zonsezo zilowa m'magazi. Nyamuka, tiye kuchipatala."

"Akandimanga, amayi. Ndiponso eni akewo khomo lino akulidziwa."

Pansi pa nyumba yathu yosanjikizanayo, galimoto yodzamutenga inaliza hutala kawiri. Yakub anageya, n'kugwira pamchombo, thukuta lili kamukamu. Ndinakiya chitseko, kiyi n'kubisa m'kamisolo.

Kenako tinamva mapazi akukwera masitepe, mosafulumira n'komwe.