Kuona Nkhope pa Kanema wa Masana

Ndinalota ndili mu vidiyo sho ya a Gondoza, kuseri kwa msika wa Chilomoni, dzuwa lili paliwombo. Mawindo anawatseka ndi masaka, ndipo pansi pa mabenchi pankayenda madzi ozizira olekeza mu akakolo. Palibe amene anadandaula nawo. Anthu anangovula nsapato n'kuziika pamiyendo.

Pabolodi la pakhomo analemba ndi choko kuti ATULUKE NDANI?, ndipo m'munsi mwake, YOOPSA ZEDI, OYEMBEKEZERA ASALOWE. Filimuyo ndinkaidziwa ngakhale ndinali ndisanaionerepo. Anaijambula ndi mafoni awiri m'nyumba yosamaliza ku Machinjiri, ndipo achemwali anga a Ndaziona, amene anatisiya zaka ziwiri zapitazo, anasewera nawo. Ali moyo anandipatsa filimuyo pa memori khadi katatu konse. Nthawi imeneyo n'kuti ndili ku koleji, ndikuphunzira za zisudzo m'mabuku akuluakulu, ndipo ndinkawauza kuti ndionera ndikapeza mpata. Mpatawo sindinaufunefune.

Nkhani yake njosavuta. Anthu asanu ndi mmodzi awatsekera m'nyumba ya mpikisano wa pa TV, makamera akuwayang'ana nthawi zonse. Sabata iliyonse oonera amavota kuti mmodzi atuluke pa chitseko cha buluu. Wotuluka sabweranso, ndipo m'mawa mwake otsalawo amapeza zovala zake zitachapidwa, zili pachingwe.

Anthu mu holomo ankaseka mpaka kugwirana mapewa. Magazi anali tomato sosi, botolo lake likuoneka pansi pa tebulo. Maikolofoni anaimangirira kunsungwi, ndipo nthawi zina inkatsika n'kugunda wosewera pamutu. Munalinso mzukwa, umene unavala neti ya udzudzu n'kudzola ufa kumaso, koma kuphazi unali ndi masilipasi obiriwira.

"Mzukwa uwu ndimaudziwa, umasoka nsapato ku Chirimba," anatero bambo wina wa kabaza amene anakhala kutsogolo kwanga, chipewa chili kumutu. "Iwe Zondiwe, ntchito wasiyira ndani lero?"

Mzukwawo unatembenuka n'kumuyang'ana. "Ndasiyira alamu," unayankha, ndipo anthu anauombera m'manja.

A Gondoza anaima pambali pa TV ndi maikolofoni yawo, akumasulira monga amachitira ndi mafilimu akunja. Filimuyi inali ya Chichewa kale, koma iwo ankamasulirabe, ndipo chawocho chinkamveka bwino kuposa cha osewera. Ine sindinkaseka. Ndinkatolera zolakwika mumtima: kuwala kochokera mbali yolakwika, mthunzi wa wojambula pakhoma, tambala wa aneba akulira pamene munthu akuphedwa. Ndinali nditatolera khumi ndi zinayi pamene achemwali anatulukira pa TV.

Anavala diresi yachikasu ija imene ananditengera osapempha. Thupi lawo linali lodzaza, monga analili asanayambe kudwala. Anakhala pampando wa pulasitiki pakati pa balaza n'kuyang'ana kamera, ndipo ndinaona kuti sakusewera. Ena onse aja ankasewera, moipa koma ndi mtima wonse. Iwo anangokhala ngati munthu amene wadikira basi tsiku lathunthu.

"Uyu ndiye watsala yekha," anatero a Gondoza. "Anzake asanu tinatulutsa kalekale. Uyu atuluke?"

"Asatuluke," holo yonse inayankha.

Mayi wina wa mandasi, beseni lake lili pamiyendo, ananditsina pamkono. "Dikirani mumumve akamakuwa, chemwali. Amakuwa ngati mbuzi yaona mpeni. Ine ndimabwera tsiku ndi tsiku chifukwa cha iyeyu."

Mzukwa unatulukira kuseri kwa katani. Achemwali anaimirira n'kukuwa monga anawauzira, ndipo anthu anafa ndi phwete. Kenaka chithunzi chinabwerera m'mbuyo chokha. Iwo anakhalanso pampando, mzukwa unalowanso kuseri kwa katani chafutambuyo, zonse n'kuyambiranso. Zinatero katatu. Kachinayi achemwali sanaimirire.

"Mwaswera bwanji, mng'ono wanga?" anatero. Ali moyo sanandilankhulepo mwaulemu chotero.

"Ndaswera bwino, kaya inu achemwali?"

"Ine ndatopa. Ndakhala ndikukuwa katatu patsiku kwa zaka ziwiri, Lamulungu kanayi. Anthuwa ndi abwino, koma akamaseka amandisunga. Chitseko chija chimatsegulidwa ndi dzanja la wachibale. Tsiku lililonse ndimayang'ana m'mabenchimo, inu mulibe."

"Anandibisira," ndinatero.

Zinali zoona. Iwo anamwalira sabata ya mayeso anga, ndipo amalume analamula kuti ndisauzidwe mpaka nditalemba pepala lomaliza. Ndinafika kunyumba mahema atachotsedwa, anthu atameta kale. Nkhope sindinaione, dothi sindinaponye.

"Maliro anakubisiranidi," anatero achemwali. "Filimuyi palibe anakubisirani."

Mayi wa mandasi anandiyang'ana, nayang'ana pa TV, nandiyang'ananso.

"Kodi ndi malemu?"

"Eya, mayi."

"Abale anu?"

"Bere limodzi."

"Nanga bwanji simunanene polowa? Mwatichimwitsa."

Anachotsa chitenje chimene anavundikira mandasi n'kundimanga nacho m'chiuno, pamwamba pa jinzi. Uthenga unayenda benchi ndi benchi mpaka kumbuyo. Bambo wa kabaza anavula chipewa. Popanda wowauza, abambo anasamukira mbali imodzi, amayi anatsika m'mabenchi n'kukhala pansi atatambalala, ndipo madzi aja anawapatukira. Mu TV mzukwa unavula neti, unaipinda bwinobwino, unapukuta ufa kumaso, n'kukanjuta pakona mutu uli pansi.

Sindinaonepo anthu ochuluka chotero atakhala chete chotero. Mu sipika munkamveka kupuma kwa achemwali kokha.

A Gondoza anazimitsa maikolofoni. Mawu awo enieni anali aang'ono, a munthu wamanyazi.

"Zimene tinaseka, tinaseka posadziwa," anatero. "Tsopano ndi nthawi yoona nkhope. Tiyambe ndi abambo, amayi atsatire, wachibale pomaliza."

Anthu anandandalika. Aliyense ankafika pa TV, kuwerama pang'ono, n'kudutsa manja ali kumbuyo. Chithunzi chinayandikira mpaka nkhope ya achemwali inadzaza galasi lonse, ndipo TV ija, imene munthu mmodzi akanatha kuinyamula, inakula mpaka kugunda malata. Mafoni otchipa aja anali atagwira zonse. Panali kachipsera ka pachibwano kamene ndinawapatsa ndi chipande tili ana. Panali thukuta pamphuno, ndi mzere wa pensulo m'nsidze umene nthawi zonse unkakhota kumanzere. Diso lililonse linali lalikulu ngati mphika wa pa ukwati, ndipo m'menemo ndinaona holo yonse, anthu akudutsa mmodzimmodzi ngati nyerere. Amayi anayamba nyimbo motsitsa, abambo n'kuilandira pansi.

Bambo wa kabaza atafika anaima. "Pepani mayi, tinkangocheza."

"Palibe kanthu, bambo," anayankha achemwali. "Munkabwera ndithu. Ndinkakuonani."

Kunja jenereta inatsokomola kawiri, kenaka inalankhula kudzera m'khoma mwaulemu.

"Mafuta atsala a nyimbo imodzi. Ndikazima asanatuluke, ayambiranso poyamba."

Ndinafika pomaliza. Ndinaima pafupi mpaka galasi linandidzutsa ubweya wa pamikono. Ndinayang'ana nkhopeyo kuyambira patsitsi mpaka pachibwano, pang'onopang'ono, ndi diso lomwe lija lotolera zolakwika, koma sindinapeze chilichonse.

"Mukanakhala kaye," ndinatero. "Ndizibwera tsiku lililonse. Ndizikhala kutsogolo, ndipo sindiziseka."

"Ndikudziwa. Inu simusekaseka ndi kale lomwe. Koma mukamabwera muzindipeza ndikukuwa. M'filimu muno anandilembera kukuwa ndi mawu atatu okha, akuti ndani ali uko. Awa ndikulankhulawa ndi anga, ndipo atsala ochepa."

Nyimbo inali itafika pakati.

"Mwaiona bwanji filimuyi?" anandifunsa. "Inu munapita kusukulu."

"Maikolofoni ikuoneka."

Anaseka, kuseka kwawo kwenikweni kuja kotulukira m'mphuno, ndipo malata ananjenjemera.

"Ndinawauza anyamatawo. Sanamve."

"Koma inu mwasewera bwino."

"Musanamize malemu."

"Ndachita mantha, achemwali."

Anagwedeza mutu. "Basi, inali ntchito yake imeneyo," anatero.

A Gondoza anakonza kukhosi. Funso lija, limene poyamba ankalikuwa, analifunsa ngati akufunsa wodwala.

"Atuluke ndani?"

Palibe dzanja limene linakwera. Onse anali kuyang'ana pansi, koma ndinadziwa kuti akudikira ine. Mkono wanga unalemera ngati bulangete lonyowa. Jenereta inatsokomolanso, ndipo chithunzi chinachita mdima n'kubwereranso. Mayi wa mandasi anasendera pafupi.

"Ndikugwireni chigongono, mwanawe?"

"Ayi mayi, ndikweza ndekha."

Ndinakweza dzanja. Linadutsa pachifuwa, linadutsa paphewa, ndipo litafika pamwamba pa mutu chitseko cha buluu chinatseguka chokha. Kuseri kwake sikunali njerwa ndi mchenga wa ku Machinjiri. Kunali dambo lalikulu losaoneka malire, udzu wake wofika m'chiuno, ndipo mvula inali kugwa chokwera, kuchoka m'nthaka kupita kumwamba, dontho lililonse likuwala palokha. Fungo la mvula yoyamba linalowa mu holo. Anthu onse anaimirira. Wina kumbuyo anati, "Koma abale," motsitsa, ndipo sanapitirize.

Achemwali anadzuka, anawongola diresi, nakankhira mpando pansi pa tebulo monga amachitira mlendo wakhalidwe.

"Tsalani bwino nonse."

"Pitani bwino," anthu anayankha pamodzi.

Anayenda osathamanga. Pakhomo anawerama pang'ono ngati chitsekocho n'chachifupi, ndipo analowa mu udzu. Mvula inakwera mowazungulira. Sanacheuke. Ndinaona chikasu cha diresi chikuchepa, chikuchepa, ndipo ndinadziwa kuti ndikatsitsa dzanja msanga chitseko chitsekeka ndisanamalize kuwaona.

Ndinadzuka pamkeka wa pakhonde, dzuwa litapendeka pang'ono, dzanja lamanja lili m'mwamba litachita dzanzi. Amayi anali pafupi akusankha nyemba m'lichero.

"Tsitsa dzanjalo, iwe," anatero. "Sukulu unamaliza."

"Pang'ono, amayi. Akudutsa kaye."

Amayi anandiyang'ana. Anaika lichero pansi, anapinda manja pamiyendo, ndipo sanafunse kuti ndani.