Miyala ya M'njira ya Kunyanja

Leandro Archuleta ananyamula mkulu wake m'chitini cha khofi. Mkulu wakeyo, Isidro, anafa mu Febuluwale, chipale chofewa cha kuzizira chitamugumukira pamene ankakonzera alendo phiri loti atsetserekepo. Leandro anabwera kumaliro kuchokera kukoleji ndipo sanabwererenso. Tsopano chipale chinali chitasungunuka, ndipo mayi ake, Ofelia, anafuna kuti phulusa la mtembo wake, lomwe linali m'chitinimo, likamwazidwe pakanyanja ka pamwamba pa phiri pomwe Isidro ankakonda kuwedza. Anayenera kufikako dzuwa lisanafike paliwombo, poti m'chilimwe mphezi za masana sizisankha munthu pamtunda popanda mitengo.

“Tsogola, mwanawe,” anatero mayi ake akupuma mwawefuwefu. “Njirayi ndikuidziwa. Ndikupeza komweko.”

Njira inali yodzaza ndi alendo ochokera m'matauni, omwe m'nyengo yozizira amagwa chagada pachipale. Aliyense ndodo ziwiri ngati nkhalamba, jekete la mtengo wa galimoto, m'manja kachitini ka mpweya wogula kusitolo wothandiza kupuma pamwamba pa phiri. Leandro ankawapitirira osawapatsa moni.

Mitengo itatha, njira inazimiririka pamiyala. Kumeneko munthu amatsata milu ya miyala imene okonza njira anaunjika. Koma alendo nawo anali atasanja timilu tawo paliponse, tojambulirapo zithunzi. Eni dera akaona timilu totere amangotigumula. Leandro anayamba kutigumula ndi mwendo.

“Aise, bwanji kodi?” anakuwa bambo wina wofiira ndi dzuwa, wa chipewa cha ku Texas. “Tavutika nakotu kameneko!”

“Pepani bwana. Kwanu kulibe miyala?”

“Tikungosiya chikumbutso basi.”

“Phiri lakuuzani kuti likufuna kukukumbukirani? Imwani mpweya wanuwo, mungakomoke.”

Anapitiriza, mwendo ukumuyabwa. Timilu tating'ono, milu ikuluikulu, zonse anazimwaza. Wina unali wofika m'chiuno, wosanjidwa mwaluso; anachita kuukankha ndi manja onse awiri, nkumva bwino mumtima miyala ikugubuduzika.

Pakanyanja panali zii. Madzi obiriwira, chipale chotsalira m'mbali mwa thanthwe. Anakhala pansi, chitini pamiyendo, nkudikira. Ola linatha. Kumadzulo mitambo inayamba kuda. Bingu loyamba litagunda, ananyamuka nkuthamangira kumunsi.

Anawapeza mayi ake atakhala pamwala, bondo litasupuka, thalauza lili matope okhaokha. Pambali pawo panali bambo wa ku Texas uja, atawagwirira kachitini kake pamphuno.

“Anasochera,” anatero bamboyo. “Analowera kuchigwembe uko. Mwayi ndinawaona.”

Mayi ake anakankha kachitiniko pang'onopang'ono. “Zikomo bambo, ndapeza bwino.” Kenako anatembenukira kwa mwana wawo. “Mulu wa pamphambano uli kuti?”

“Uti?”

“Waukulu uja. Ukaufika umakhotera kumanja. Ndaufunafuna, palibe.”

Leandro anayang'ana bambo uja. Bamboyo anayang'ana nsapato zake.

“Ndimayesa ndi wa alendo, Amayi.”

“Wa alendo?” Anaseka kuseka kopanda chimwemwe. “Mlendo angasanje mwala wolemera ngati iwe? Mkulu wako anausanja yekha chaka chatha, masiku awiri, msana mpaka kutupa. Iwe unali kusukulu, kuphunzira nzeru zimenezi.”

“Ndiusanjanso. Pompano.”

“Ukudziwa pomwe unali?”

Anacheuka. Paliponse miyala inali mbwee, yofanana yokhayokha.

Mphezi inang'anima pamwamba pa thanthwe, matalala oyamba nkuyamba kulira pamiyala. Kukanyanja kunali mtunda wa theka la ola, ndipo ndi bondo limenelo panalibe zokambirana.

“Ndithamange ndekha ndikamwaze,” anatero Leandro. “Ndibwera msanga.”

“Ndakwera phiri lonseli kuti ukamutaye wekha ngati zinyalala? Bwera naye kuno.”

Anawapatsa chitinicho. Anachipukuta ndi mkono wa juzi, nkuchilowetsa m'chikwama chawo, nkutseka zipi. Leandro anatambasula dzanja kuti awadzutse, koma iwo anagwira mkono wa mlendo uja.

“Tiyeni bambo, munditsitse. Uyu azibwera m'mbuyo.”