Chipewa cha Enid

M'mudzi mwathu muno, kumpoto kwa England, timadyera dzina la munthu wakufa. Anali dokotala, ndipo kalekale analemba buku lonena za makolo athu, lomwe ana asukulu amaliwerengabe uku akuyasamula. Koma opanga kanema amalikonda koopsa. Pakapita zaka amabwera, kuthira dothi pamsewu wa tala, n'kutiveka zovala zakale kuti tidzaze malo kumbuyo kwa akatswiri awo.

Atabwera ndili mtsikana, mwamuna wanga Wilf anasankhidwa kuyendetsa ngolo ya maliro, chifukwa bukulo limathera pamaliro. Anasunga ndevu miyezi yambiri, hatchi n'kumaiyeseza tsiku lililonse. M'mawa wa tsiku lojambula, Enid Metcalfe, wapampando wa bungwe lokumbukira dokotalayo, ananong'oneza mkulu wa kanema kuti Wilf ndi chidakwa. Wilf wanga, yemwe ngakhale pa Khirisimasi ankangomwa tiyi! Ngolo inaperekedwa kwa mlamu wake wa Enid. Wilf anabwera kunyumba, n'kumeta ndevu, ndipo kanemayo sanamuonere mpaka tinakamuika m'manda. Ine sindinakhululuke, ndipo sindinayeserepo.

Chaka chatha anabweranso ena kudzajambula buku lomwelo. Popeza ndimasoka, anandipatsa ntchito yoveka anthu am'mudzi. Enid analowa muholo ndi ndodo yake, mphuno m'mwamba.

"Iwe Hilda, ulendo uno ndiima kutsogolo penipeni, pakhomo la tchalitchi. Undipatse chipewa cha ulemu, osati masanza awa."

Zipewa za akazi a nthawi imeneyo zinkatulukira kutsogolo ngati ndowa, kuphimba masaya onse. Ndipo aliyense kwathu amadziwa kuti m'bukulo mkazi wolemera amaonekera kukula kwa chipewa. Ine ndinali nditaona kale kuti kamera aiika chakumbali, m'mphepete mwa khoma. Ndinamuyalira ziwiri: kachipewa koyera kosiya nkhope poyera, ndi chimchipewa chakuda cha nthenga.

"Kakang'onoka kakukhalani bwino, mayi wapampando," ndinatero. "Nkhope ioneka."

"Kachipewa ka wantchito wakukhitchini? Nsanje idzakupha iwe!"

Anatenga chachikulucho. Ndinam'mangira chingwe pachibwano mwamphamvu, mtima ukuvina. Atatuluka ndinatsegula chikwama changa, kutulutsa jekete lakuda la Wilf, n'kuveka bambo woyendetsa ngolo. Linamukwana bwinobwino.

Kanema atatuluka anadzamuonetsa muholo momwemo. Enid anaitana abale ake onse ochokera ku Leeds, anaphika makeke, n'kukhala mpando wakutsogolo. Tinapirira zachikondi zonse zija mpaka maliro anafika.

"Ndine uyo! Ndine uyo!" anakuwa Enid, akuloza ndi ndodo.

"Ati, amayi?" anafunsa mwana wake wamkazi. "Tikungoona chipewa."

Chinalidi chipewa chokhachokha, nthenga zikugwedera ndi mphepo. Ngakhale nsonga ya mphuno sinaoneke. Kumbuyo kwake akazi a tizipewa ting'onoting'ono ankaoneka bwino nkhope zawo, akulira mokoma. Wina anaseka, kenako holo yonse inagwa ndi phwete.

Kenaka ngolo inatulukira. Jekete la Wilf linadzaza chinsalu chonse choonetserapo kanema, mpaka chigamba chapachigongono chomwe ndinasoka ndekha chinaoneka. Pamenepo ndinalira, sindibisa.

Magetsi atayaka, Enid anandipeza patebulo la tiyi.

"Unkadziwa, Hilda."

"Ndinakuuzani kuti mutenge kakang'ono, anthu akumva."

"Taona msinkhu wangawu. Akamadzabweranso anthu amenewa, ine kudzakhala kulibe."

"Wilf nayenso kulibe," ndinatero, n'kutenga keke yake yachiwiri.